Madontho a M'chipululu: Sabata Imodzi Pakati pa Eni Dziko la Australia

Tsiku loyamba, Brisbane

Ndafika bwino. Achemwali anandichingamira pabwalo la ndege atavalabe yunifolomu ya unamwino, akuchokera kuntchito ya usiku. Papita zaka zisanu ndi chimodzi tisanaonane. Ana awo awiri anandipatsa moni m'Chingerezi. Wamkuluyo anayesa kunena kuti "malume", lilime linamukana, n'kuthawira kumbuyo kwa mayi ake.

Tili m'galimoto ndinaona bulugamu paliponse. Kwathu ku Dedza timamutenga ngati mtengo wathu, timamangira nyumba ndiponso timafukiza masamba ake chimfine chikativuta, koma kwawo kwenikweni ndi kuno. Chinanso, ndege itangotera, wolengeza anapereka ulemu kwa eni nthaka ndi akuluakulu awo. Achemwali akuti amatero ponseponse, pamsonkhano, kusukulu, ngakhale pampira. Ndinawafunsa kuti nanga eni akewo ali kuti, popeza mumsewu sindikuwaona. Anakhala kaye chete, kenako anati, "Achimwene, ine ambiri ndimakumana nawo kuchipatala."

Aaborijini, amene ndi eni dzikowo, akhala m'dziko muno zaka zoposa 50,000. Angerezi anafika mu 1788, ndipo lamulo lawo linkati nthakayi inalibe mwini mpaka khoti lalikulu linathetsa bodza limeneli mu 1992, pa mlandu wa Eddie Mabo. Lero pa anthu 100 alionse, eni dziko sakwana anayi. Ine ndine mphunzitsi wa Chichewa, ndipo ndakatulo ndi chakudya changa cha tsiku ndi tsiku. Ndabwera kudzaona abale, komanso ndapatula sabata imodzi kuti ndimve zimene anthu amenewa akhala akunena ndi cholembera komanso utoto.

Tsiku lachiwiri, Minjerribah

Tinakwera pantoni ku Cleveland kupita kuchilumba chimene mapu amachitcha North Stradbroke, eni ake amati Minjerribah. Ku Point Lookout tinaona anangumi akupuma panyanja, ana n'kumakuwa ndi chimwemwe. Koma chondibweretsa kuno ndi mayi mmodzi amene anakulira pachilumbachi.

Anabadwa mu 1920 ndipo dziko linamudziwa ndi dzina loti Kath Walker. Sukulu anasiya ali ndi zaka 13, n'kukalowa ntchito ya m'nyumba za azungu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analowa usilikali. Mu 1964 anatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa We Are Going, kutanthauza kuti tikupita, loyamba kusindikizidwa la mayi wachiaborijini. Anthu analigula mothamanga. Iye anayendanso dziko lonse kukopa anthu pa riferendamu ya 1967, pamene ovota oposa 90 pa 100 alionse anavomera kuti Aaborijini aziwerengedwa limodzi ndi anthu ena onse a m'dzikomo. Taganizani, 1967. Ife tinali titadya kale zaka pafupifupi zitatu za ufulu.

Pobwerera ndinakhala pakona ya pantoni n'kuwerenganso ndakatulo imene inapereka dzina ku bukulo. Kagulu kochepa ka otsala a mtundu wina kafika pa bwalo lakale la chinamwali, n'kupeza kuti pamalopo paikidwa chikwangwani cholola anthu kutayapo zinyalala. Ndinatseka bukulo. Ndinaganiza za dambwe la kwathu, ndi mmene agogo anga aamuna akanaimira atapeza dzala pamenepo.

Ena mwa ophunzira a nthawi imeneyo ankati izi si ndakatulo koma mfuu ya ndale, poti mawu ake ndi osavuta ndipo sabisa mkwiyo. Ine sindigwirizana nawo. Munthu akulira maliro a mayi ake sumuimitsa kuti akonze kayimbidwe. Chimene chikundipweteka n'choti malirowo anawalira m'Chingerezi. Chinenero cha makolo a pachilumbachi, Jandai, chinali chitatsala pang'ono kuzimiririka. Mu 1987 anabweza mendulo ya ulemu imene anailandira kuchokera kwa Mfumukazi, pokana chikondwerero cha zaka 200 za atsamunda, ndipo anataya dzina lachizungu n'kudzitcha Oodgeroo wa fuko la Noonuccal. Oodgeroo ndi mtengo wa makungwa osendeka ngati mapepala. Ana anandisonyeza umodzi m'mbali mwa msewu. Ndinagwira khungwa lake, lofewa, losanjikizana ngati masamba a kope lonyowa ndi mvula.

Tsiku lachitatu, Alice Springs

Ndabwera ndekha, maola atatu m'ndege, pansi pali pofiira pokhapokha. Mu Julaye kuno usiku kumazizira kuposa Dedza. Mtsinje wa Todd umene umadutsa m'tauni ndi mchenga wokhawokha, ngati mitsinje ya ku Chikwawa mu Okutobala. Eni malo ndi Aarrernte, ndipo tauniyi amaitcha Mparntwe. Kuno ndiye eni dziko ndawaona, akuyenda m'magulu, akulankhula zinenero zawo mokweza. Ena amandiyang'ana kawiri, khungu n'lofanana koma nkhope n'njachilendo. Bambo wina anandigwedezera mutu, inenso ndinagwedeza.

Masana ndinayenda wapansi kupita ku siteshoni yakale ya telegalafu, nyumba zamiyala za m'ma 1870, makilomita ochepa kumpoto kwa tauni. Kuyambira 1932 mpaka 1942 malowa ankatchedwa Bungalow, ndipo boma linkasungirapo ana obadwa kwa mayi wachiaborijini ndi bambo wachizungu. Apolisi ankawatenga kwa amayi awo. Cholinga chinali choti akule osadziwa chinenero, mwambo, ngakhale abale awo, kuti asanduke antchito a m'nyumba ndi a m'mafamu. Amayi ena ankapaka ana awo makala kuti aoneke akuda bii, apolisi akabwera awadutse.

Pakhoma pali zithunzi za anawo ali pamzere, ometedwa mofanana, ovala mofanana. Pakhomo lolowera m'malo ngati amenewa amachenjeza kuti mkati muli nkhope ndi mayina a anthu omwalira, chifukwa kwa Aaborijini ambiri dzina la wakufa silitchulidwa wamba. Kamtsikana kena pachithunzipo kagwira dzanja la mnzake, maso ali pambali, osati pa wojambula. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Kulanda ana kotereku kunachitika m'dziko lonse mpaka cha m'ma 1970. Lipoti la boma la nkhaniyi linatuluka mu 1997, ndipo nduna yaikulu Kevin Rudd anapepesa m'nyumba ya malamulo pa 13 February 2008. Atsamunda asanafike kuno kunkalankhulidwa zinenero pafupifupi 250, ndipo zambiri mwa izo lero zilibenso mwana woziyamwira.

Ndiyenera kulemba ichi ngakhale chikundilemera. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsapo panali lamulo loti mwana akalankhula Chichewa kunja kwa phunziro langa azikatchetcha udzu. Ine, mphunzitsi wa Chichewa, ndinalembapo mayina a olakwa. Sindikufanizira zimenezi ndi za ana a pa Bungalow, ayi, ana athu madzulo ankabwerera kwa amayi awo n'kukadya nsima m'chinenero chawo. Koma mbewu yake ndaizindikira.

Tsiku lachinayi, Hermannsburg

Makilomita pafupifupi 125 kumadzulo, msewu ukutsata mapiri a MacDonnell. Dzuwa likamatuluka mapiriwa amasintha mtundu, kufiira, kenako kofiirira, kenako kumaoneka ngati utsi wabuluu. Ndikanawaona pachithunzi chokha ndikanati wojambula wawonjeza.

Hermannsburg, kapena kuti Ntaria, ndi mishoni imene Ajeremani a mpingo wa Lutheran anayambitsa mu 1877. Nyumba zopaka laimu, katchalitchi kakang'ono, belu, mitengo ya mthunzi. Mmalawi aliyense amene anakulira pamishoni angadziwe fungo la malo ano. Nkhani yake si ya mbali imodzi. Amishoni analetsa miyambo yambiri, koma anatetezanso anthu pa nthawi imene oweta ng'ombe ndi apolisi ankawapha m'tchire, ndipo analemba chinenero cha Chiarrernte, moti mpaka lero nyimbo za m'tchalitchi zimaimbidwa m'chinenerocho.

Pano mpamene anabadwira Albert Namatjira, wojambula zithunzi wotchuka, mu 1902. Makolo ake anamutcha Elea, dzina la Albert linabwera ndi ubatizo. Ali ndi zaka 13 akuluakulu anamutengera kutchire kukavinidwa, choncho anakula ndi maphunziro awiri. Mu 1936 anaperekeza mzungu wina wojambula, Rex Battarbee, ngati woyendetsa ngamila, ndipo malipiro ake enieni anali kuphunzira kujambula ndi utoto wosungunula m'madzi. Pofika 1938 zithunzi zake zinaonetsedwa ku Melbourne n'kugulidwa zonse. Posakhalitsa makope a zithunzi zake anali m'zipinda zochezera za azungu m'dziko lonse. Mu 1954 anamutengera ku Canberra kukaonana ndi Mfumukazi Elizabeth.

Munthu yemweyo atafuna malo oti aziwetapo ng'ombe anamukaniza. Atafuna kumanga nyumba m'tauni ya Alice Springs anamukanizanso, poti ndi Mwaborijini. Anakakhala m'zisakasa pa Morris Soak, kunja kwa tauni. Zithunzi zake zinkagona m'nyumba zimene mwini wake sakanaloledwa kugonamo. Mu 1957 boma linamuchotsa, iye ndi mkazi wake Rubina, m'gulu la anthu oyang'aniridwa ndi boma ngati ana, ndipo anthu anati tsopano wakhala mzika. Ana ake enieni anatsala m'kaundulamo. Iye ankaloledwa kugula mowa, abale ake ayi. Pamsasapo panabuka zoopsa za mowa, mayi wina anaphedwa, ndipo maso a boma anatembenukira kwa iye. Mu 1958 anamuimba mlandu wopatsa mowa Mwaarrernte mnzake, n'kumugamula miyezi isanu ndi umodzi. Anaichepetsa, ndipo anakagwira ukaidi wake ku Papunya. Anatuluka wosweka mtima, n'kumwalira mu 1959 ali ndi zaka 57.

Sindikuikira kumbuyo mowa, ndaona zimene wachita kwathu ndipo kunonso ndikuziona. Koma lamulo louza munthu kuti chimene uli nacho m'manja m'bale wako asachikhudze, ife Achewa tikudziwa kuti silingatheke. Chibale ndi fupa, sichiola. Ndalama za Namatjira zinkadyetsa mbumba yaikulu, chifukwa kwa Aarrernte, ngati kwathu, wopeza sapezera yekha. Unzika umene anamupatsa unkafuna kuti ayambe wasiya kukhala m'bale wa anthu.

Panalinso ena amene ankamunyoza kuti akungotsanzira azungu, kuti luso lake ndi la mwana womvera wa pamishoni. Lero ndinaima kutsogolo kwa chithunzi chimodzi cha kalembedwe kameneka, mtengo woyera mbee uli kutsogolo, phiri la Sonder lili patali. Ndinayang'anitsitsa mtengowo. Uli ndi makwinya pamene nthambi ikupindika, ngati pachigongono cha nkhalamba, uli ndi chipsera pamene panathyoka nthambi. Umu ndi mmene munthu amajambulira agogo ake. Malo amene ankajambula sanali okongola chabe, anali malo a makolo, okhala ndi mayina ndi nyimbo zawo. Ogula ankaona mapiri, iye ankalemba za kwawo.

Atamwalira nkhanza sizinathe. Mu 1983 ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye inagulitsa umwini wa zithunzi zake kwa kampani ina pa madola a ku Australia 8,500 okha, banja losadziwa. Unabwerera kwa adzukulu ake mu 2017. Mitengo iwiri yoyera imene anaijambula m'mbali mwa msewu uno inatenthedwa ndi moto mu 2013. Koma mu 2020 mdzukulutuvi wake, Vincent Namatjira, anapata mphoto ya Archibald, yotchuka kwambiri kuno pa zojambula nkhope za anthu, kukhala mwini dziko woyamba kuilandira. Adzukulu ena akujambulabe mapiri omwewa ndi utoto wa madzi.

Tsiku lachisanu, Alice Springs

M'mawa ndinalowa m'nyumba yogulitsira zithunzi ya Papunya Tula mu Todd Mall, msewu wa masitolo wa m'tauni muno. Izi ndi zithunzi za madontho zimene dziko lonse limazidziwa. Papunya, kumene Namatjira anagwirira ukaidi, ndi mudzi umene boma linamanga makilomita pafupifupi 240 kuchokera pano, n'kusonkhanitsamo mitundu yosiyanasiyana ya m'chipululu kuti iphunzire kukhala ngati azungu. Anthu ambiri anafera komweko, kutali ndi kwawo. Mu 1971 mphunzitsi wina, Geoffrey Bardon, anaona ana akulemba zizindikiro pamchenga ndipo anawalimbikitsa kuti azijambule. Amene anabwera anali madoda, chifukwa nkhanizo zinali zawo, osati za ana. Anajambula nkhani ya nyerere za uchi pakhoma la sukulu. Patapita nthawi akuluakulu a boma anafufuta khomalo ndi penti. Koma madodawo anali atayamba kale kujambula pamatabwa ndi pa chilichonse chimene akanapeza, ndipo mu 1972 anakhazikitsa kampani yawoyawo, imene mpaka lero eni ake ndi ojambulawo.

Chinsalu chimodzi chinanditenga mtima. Ukaima patali umaona ngati mphepo ikuyenda paudzu. Ukayandikira umaona kuti dontho lililonse laikidwa palokha ndi kamtengo, ena onenepa, ena owonda pamene utoto unkatha. Zozungulira ndi zitsime kapena misasa, mizere ndi njira za makolo. Ndi mapu a dziko limene wojambulayo anachotsedwako, olembedwa ndi munthu amene akulikumbukira chitsime ndi chitsime.

Apa mpamene ndinamva ngati ndili kwathu. Zithunzi zoyambirira zinaonetsa zinthu za kumwambo zosayenera kuonedwa ndi amayi, ana kapena alendo, ndipo akuluakulu a madera ena anakwiya. Ojambulawo anayamba kusiya zina, zina n'kuzikwirira ndi madontho. Mlendo amagula chinsalu, amapatsidwa kapepala kofotokoza nkhani yapamwamba, koma zapansi zimatsala ndi eni ake. Za kudambwe saulula. Ife tikavina gule pamaso pa alendo, iwo amajambula fumbi ndi nthenga, n'kumapita akuganiza kuti aona zonse.

Mu 2007 chinsalu chimodzi cha Clifford Possum Tjapaltjarri chinagulidwa pa madola 2.4 miliyoni, mwini wake atamwalira kale. Koma nkhani imene yandikhudza ndi ina. Matenda a impso ndi ochuluka pakati pa anthu a m'chipululu, ndipo odwala ankayenera kusamukira m'tauni muno kutsata makina osefa magazi, n'kumafera kuchilendo. Mu 2000 ojambula a Papunya Tula anajambula zinsalu zikuluzikulu, zinagulitsidwa ku Sydney, ndipo pamodzi ndi zina zinabweretsa ndalama zoposa madola miliyoni imodzi. Ndi ndalamazo anaika makina ku Kintore, mudzi wa m'chipululu, kuti nkhalamba zizidwalira kwawo.

Madzulo ndinapita ku Emily Gap, mpata wa m'mapiri kum'mawa kwa tauni. Pathanthwe pali mizere yofiira ndi yoyera, ya nkhani ya mphalabungu zimene Aarrernte amati zinaumba mapiri ano. Eni ake amapempha kuti anthu asajambule, ndipo foni yanga inakhala m'thumba. Utoto wofiirawo unandibwezera ku Chongoni, kumene ndimapita ndi ana a sukulu. Pa Chentcherere ndi pa Mphunzi zojambula zoyera ndi zathu, za chinamwali ndi za nyau. Zofiira ndi za Akafula, amene makolo athu anawapeza. Timawakumbukira ndi nthano ya Amwandionerapati, ana n'kumaseka. Chinenero chawo palibe amene akuchidziwa, ndipo tanthauzo la mizere yawo timangoganizira. Ndinabwera kuno ndikudziona ngati m'bale wa olandidwa. Pathanthwe lija ndinakumbuka kuti kwathu ofika pambuyo ndife.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Uluru

Makilomita pafupifupi 450 pabasi. M'njira ndinawerenga ndakatulo za Ali Cobby Eckermann, wa mtundu wa Yankunytjatjara, umene dziko lake lili chakummwera kuno. Anatengedwa ali khanda n'kuleredwa ndi banja lachizungu, monganso mayi ake anatengedwa ali mwana, ndipo awiriwa anadzaonana iye ali ndi zaka za m'ma 30. Mu 2017 analandira mphoto ya Windham-Campbell ya ku America akukhala m'kalavani. Mizere yake ndi yaifupi, ngati ya munthu amene akulankhula akumeza misozi.

Za thanthwe la Uluru sindilemba zambiri, ena analemba kale. Ndi lalitali mamita 348, ndipo ndinalizungulira wapansi, makilomita pafupifupi khumi. Linabwezedwa kwa Aanangu, eni malowa, mu 1985, koma alendo anapitiriza kulikwera, eni ake akupempha kuti asatero, mpaka 2019. Chipsera cha mapazi chikuonekabe. Kufupi ndi pano, mu 2017, nthumwi za eni dziko zinalemba pempho loti akhale ndi liwu lokhazikika m'malamulo aakulu a dziko. Mawuwo ali pakati pa chinsalu, ndipo m'mbali mwake amayi a kuno anajambula nkhani za makolo. Pa riferendamu ya pa 14 October 2023, ovota pafupifupi 60 pa 100 alionse anakana.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, Alice Springs

Ndege yanga ndi ya mawa m'mawa. Lero ndinabwerera mu Todd Mall, kumene amayi amakhala pakapinga atayala zinsalu zawo, miyala ili m'makona kuti mphepo isaziulutse. Ndinadutsa kawiri ndisanalimbe mtima. Kachitatu ndinakhala pansi chapatali pang'ono ndi agogo ena ovala chipewa chaubweya, poti kwathu munthu wamkulu sulankhula naye utaimirira.

Anandifunsa kwathu. Nditati Malawi, ku Africa, anandifunsa ngati kuli mvula. Ndinati iliko, koma masiku ano imabwera mochedwa. Anagwedeza mutu. Zala zawo zinali ndi utoto wachikasu m'zikhadabo. Ndinasankha kachinsalu kakang'ono, kotalika ngati mkono wanga, ndipo mtengo umene ananena ndinapereka osanenerera.

Anandilozera ndi chala. Apa ndi amayi akhala pansi, ichi ndi ndodo yokumbira, ichi ndi mbale yamtengo, apa ndi madzi. Pakona imodzi madontho anali othinana kwambiri, oyera pamwamba pa ofiira, ndipo pansi pake pankaoneka ngati pali mzere wina wokhota. Ndinafunsa kuti nanga apa? Agogowo anayang'ana kumbali, kumapiri, osayankha. Ndinadziwa kuti ndafunsa mopitirira, ndipo ndinapepesa m'Chichewa, poti ndi mawu amene anabwera. Anatenga chinsalucho, anachipinda mozungulira utoto uli kunja kuti usasweke, anachimanga ndi kalabala, n'kundipatsa. Ndinalandira ndi manja awiri.

Usiku uno achemwali anaimba foni. Akuti wamkulu uja wakhala akuyeserera sabata yonse, ndipo akufuna kundiuza kanthu. Ndinamva kupuma kwake pafoni, kenako anati, "Malume, mubwera liti?" Ndinamuyankha pang'onopang'ono, kuti amve liwu lililonse, kuti ndibwera mawa, ndipo ndamutengera chinthu choti tidzaonere limodzi.